Chifukwa Chake Ndimakoka Nyimbo

Amene andikakamiza kulemba izi ndi aChisale, otiphunzitsa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu. Lachinayi lapitali anaimitsa nyimbo pakati, n'kuloza ine ndi kandodo kawo kaja. "ANaphiri, mwayambanso kukoka. Anzanu afika kale pa vesi yachiwiri, inu mukadamanga chitenje." Anthu anaseka, inenso ndinaseka. Titaweruka ndinawauza kuti kukoka kwangaku si ukalamba ayi, ndinachita kukuphunzira, ndipo wondiphunzitsa alipo. Nditawafotokozera anati ndilembe. Ndinati sukulu yanga inathera sitandade faifi. Anati, "Lembani momwe mwandiuziramu." Ndiye ndagula kope. Pomwe ndisokere mundikhululukire, kulongolola ndinabadwa nako.

Ndinapita ku Nairobi ndili ndi mwana mmodzi, Esitere, wa zaka ziwiri, atangosiya kumene bere. Za bambo wake tisakambe. Ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Blantyre kwa aMbewe ndi akazi awo, ndiye aMbewe atapeza ntchito kubungwe lina lalikulu ku Kenya, adona anati sangapite opanda ine poti ana awo awiri anandizolowera. Anati zaka ziwiri zokha. Esitere ndinakamusiya kwa achemwali anga aLusiya, kwathu ku Ntcheu. Tsiku lonyamuka achemwali anati ndichoke mozemba, mwana asalire. Ndinachokadi mozemba, iye ali kuseri kwa nyumba akuthamangitsa anapiye. Mpaka lero ndimadzifunsa ngati kumeneko kunali kuchenjera.

Ndege ndinakwerera ku Chileka. Makutu anatseka, ndinafika pa bwalo la ndege la Embakasi, ku Nairobi, ndisakumva kanthu, ndikungoona milomo ya anthu ikutakataka. Tinkakhala ku Madaraka, m'nyumba zosanjikizana, ife pamwamba. Madzi a m'mpopi, magetsi, zonse zinalipo, koma kuzizira kwa Julaye kumeneko kumafanana ndi kwa ku Dedza, ndipo ine ndinapita ndi juzi imodzi. Wondipulumutsa anali Akinyi, mtsikana wantchito wa khomo loyang'anana nalo, wamtali, woseka ndi thupi lonse. Ndiye anandiphunzitsa kukwera matatu, maminibasi akumeneko, osagwa, kunenerera ndiwo zamasamba za sukuma pamsika, ndi kuyankha amuna a pa duka, ndiye kuti pa golosale. Kumeneko mkazi amamuitana ndi dzina la mwana wake, ndiye atamva kuti ndili ndi mwana anayamba kunditchula Mama Esta. Masitepe onse anatengera pomwepo. Dzinalo linkandikoma, komanso linkandibaya, poti Mama Esta ameneyu ankasambitsa ana a eni ake.

Tsopano za mbale ya nyimbo imene inandiphunzitsa kukoka. Pabalaza panali galamafoni yamagetsi, chibokosi chachitali chonyezimira. Abwana anaphunzira ku Amereka ndipo anabwerako ndi mbale zambiri, koma inalipo imodzi yosiyana ndi zinzake: yolemera, yokhuthala, yokutidwa m'pepala lofiirira lothetheka m'mphepete. Tsiku loyamba anandiuza kuti, "ANaphiri, zonsezi muzipukuta, koma iyi musaikhudze. Imasweka ngati mphika, ndipo ndi yaikulu kuposa mayi anu." Anati nyimbo zamtunduwu anayambitsa ndi anthu akuda a kumeneko, ndipo amazitcha bulusi. Musaseke, si buluzi wa pakhoma.

Munthu ukamuuza kuti usakhudze, wamutuma. Tsiku lina m'mawa, ana ali kusukulu, mabwana ali kuntchito, ndinaiika. Kuika mbale ndinkadziwa, poti adona ankandituma kuwaikira za rumba akamasoka. Pambali panali kachitsulo kokankha, kolozera pa manambala atatu: 33, 45 ndi 78. Kankakhala pa 45 nthawi zonse, ndipo ine sindinadziwe kuti kali ndi ntchito.

Poyamba kunamveka kuthetheka, ngati mtedza uli pa chiwaya. Kenako piyano, yolemera, ikuponda ngati munthu woyenda m'matope atasenza ndowa. Kenako mwamuna anayamba kuimba. Mawu ake anali apansi kwambiri, a m'mimba, ngati a madoda aja amayambitsa nyimbo ponyamula bokosi. Chingerezi chake sindinamve ngakhale liwu limodzi. Koma ndinamva kamangidwe kake: amanena chinthu, n'kuchinenanso kachiwiri ngati simunamve, ndiye kachitatu n'kunena china chotseka. Akapuma, lipenga limamuyankha, kulira ngati ng'ombe yoilanda thole. Ndipo ife a do re mi tinaphunzira kuti mi ndi mi. Uyu mi wake sankafika pa mi. Ankafika pafupi, n'kutsetsereka, ngati phazi pa mwala wa ndere. AChisale akanamuimitsa ndi kandodo. Koma pa kutsetsereka pomwepo ndi pamene pankandigwira mtima.

Ndinaima ndi nsanza m'manja mpaka inatha. Kuyambira tsiku limenelo ndinkaiika pafupifupi m'mawa uliwonse, ndikamaliza kukolopa. M'nyumba ya eni sulira. Ukalira adona amafunsa ngati sakukusunga bwino. Ndiye bambo wa m'mbaleyu ankandilirira, ine n'kumangopukuta mawindo.

Kalata ine zinkandivuta, ndipo mwana wa zaka zitatu kalata angaitani? Ndiye nditasunga kandalama ndinagula wayilesi ya kaseti, n'kuitumiza kumudzi kwa alamu anga aJemusi, amuna awo a achemwali. Lamulungu lililonse Amalawi tinkakumana popemphera, ndipo pamenepo sipankasowa mwana wasukulu wopita kwathu ku tchuthi woti n'kumupatsira kanthu. Adona anali ndi kawayilesi kena kojambulira. Lamulungu masana ndinkadzitsekera m'sitolo ya kukhitchini, pakati pa matumba a mbatata, n'kumalankhula ndi Esitere. Nthawi imeneyo munthu sunkalankhula zilizonse pa kaseti yodutsa pa bwalo la ndege, ndiye ndinkamuuza za mvula, za nsapato, za galu wa pansi amene ankadya mapapaya. Pomaliza ndinkamuimbira nyimbo ya bambo uja, koma ndi mawu anga, poti ake sindinkawamva:

Esitere mwana wanga, usayang'ane kunjira,
Esitere mwana wanga, usayang'ane kunjira,
tsiku lobwera ine udzandidziwa ndi mawu.

Muyenera kudziwa kuti mawu anga obadwa nawo ndi owonda, a pamwamba, ndipo kalelo ndinkalankhula ngati makina osokera. Nyimboyo ndinkaiimba mwanga momwemo, mopepuka, kuti mwana asamve chisoni.

Patapita miyezi kunabwera kalata ya achemwali. Ndikuikumbukira bwino poti ndinaiwerenga mpaka inang'ambika mopinda. Anati: "Mng'ono wanga, makaseti tikulandira. Koma utiuze zoona, ukudwala kodi? Mawu ako akumveka ngati a mwamuna wotopa. Alamu ako akuti kapena wayamba mowa wa kumeneko. Amayi a kutchalitchi amva nawo ndipo akukupempherera."

Ndinakwiya, ndinachita manyazi, zonse pamodzi. Ndinapita nayo kwa Akinyi pa masitepe, n'kumumasulira m'Chiswahili changa chothyokathyoka. Anaseka mpaka anakhala pansi.

"Iwe mowa? Iwe amene umaledzera ndi tiyi wa tangawizi?"

"Usaseke, Akinyi. Mudzi wonse ukundipempherera."

"Aleke apemphere, mapemphero saola. Pole, pepa, Mama Esta. Jambula ina, useke kwambiri, amve kuti uli moyo."

Ndinajambuladi ina, ndikuseka, ndikuthamanga kuposa kale. Yankho linabwera lakuti, "Kuseka kwako kwatiopsa."

Chimene chinamasula mfundoyi ndi tsiku limene ndinagwidwa. Inali cha m'ma leveni m'mawa, mbale ikuzungulira, ine ndaima pa windo misozi ili mbwembwembwe. Sindinamve chitseko. Abwana anaiwala mapepala a kuntchito. Nditatembenuka ndinawaona ataima ndi tayi yawo, akuyang'ana galamafoni. Ndinadziona ndili pa ndege, ndikubwerera kwathu ndi mbiri ya mowa kutsogolo, ya kuchotsedwa ntchito kumbuyo.

"ANaphiri," anatero, "ameneyu ndi ndani akuimbayu?"

"Pepani bwana, ndalakwa. Ndi bambo wa m'mbale yanu ija."

"Bambo?"

Anaseka, koma osati monyoza. Ananyamula singano, n'kukankha kachitsulo kaja kuchoka pa 45 kufika pa 78, n'kuitsitsanso. Mbale inayamba kuthamanga. Piyano ija inatuluka m'matope, inayamba kuyenda ngati munthu wopita kumsika wosafulumira, wogwedeza m'chiuno pang'ono. Lipenga linasiya kukhala ng'ombe. Ndipo woimbayo anali mkazi. Mayi wa mawu odzaza, onenepa, wodandaula inde, koma kudandaula kwa munthu amene wagwira m'chiuno, woti ukamuyankha mwano akumenya. Nyimbo yomweyo, kubwereza komweko, kutsetsereka kwa mi komweko. Koma maliro aja panalibe.

Ndinakhala pansi pa kapeti osapemphedwa.

Abwana anali munthu wokonda kufotokoza, dalaivala amene ankawadikira pansi analiza hutala mpaka anatopa. Anati liwiro ndi mawu zimayendera limodzi: mbale ukaichedwetsa, mawu amatsika, ukaithamangitsa, amakwera. Anatenga gitala yawo kuseri kwa mpando, n'kukhudza nsambo. Anati nyimboyi anaifunafuna kiyi yake kwa zaka, imakhala ngati ili pa Efu koma si Efu weniweni, ili pakati pa Efu ndi mnzake wapamwamba. Chifukwa chake, anati, makina ojambulira a nthawi imeneyo sankayenda liwiro limodzi, ena ankafulumira pang'ono, ena ankachedwa, ndiye ngakhale 78 yo ndi kungoyerekeza.

"Nanga mawu ake enieni mayiyu ndi ati?" ndinafunsa.

"Palibe akudziwa, aNaphiri. Amene anamumva ndi makutu awo anatha. Tatsala ndi mbaleyi."

Pamenepo china chake chinandilowa m'mutu ngati madzi ozizira.

"Bwana, kaseti nayo imatero?"

"Mabatire akafooka, inde. Imakoka."

Kumudzi kwathu batire silitayidwa. Likafooka amaliyanika padzuwa, amaliluma m'mbali, amaliika pafupi ndi moto, limagwira ntchito mpaka litatuluka madzi. Wayilesi yokha imalankhula bwino ndi batire lotopa, koma kaseti imafuna mphamvu yozungulitsira. Ndiye mwana wanga chaka chonse ankamva mayi wake ali pa 45.

Tsiku lomwelo ndinatsika ku duka n'kugula mabatire bokosi lathunthu. Ndinapatsira mnyamata wina wa ku koleji, pamodzi ndi kalata yofotokoza zonse, yolembedwa ndi adona kuti imveke bwino. Yankho linabwera lalifupi: "Mabatire talandira, zikomo. Tamva kuti sukudwala." Mtima unakhala pansi. Ndinati basi, zatha. Pambuyo pake aliyense wopita kwathu ndinkamusenzetsa kaseti ndi mabatire, mpaka ana asukulu anayamba kundithawa pa tchalitchi, amati katundu wa Mama Esta amathyola phewa.

Zaka ziwiri zija zinabala zinzake. Ntchito ya abwana anaiwonjezera, adona anabereka wachitatu, ndipo mwana wakhanda sungamusiyire mlendo. Tchuthi chikafika iwo ankapita ku Malawi, ine ndinkatsala kulonda nyumba, poti bungwe linkalipira ndege ya banja lokha. Sindikuwanena, anali anthu abwino, sanandimenyepo, sanandimanepo chakudya. Koma ubwino wa munthu sukufikitsa kwanu. Akinyi anakwatiwa n'kusamukira ku Umoja, mbali ina ya Nairobi, ndinkakamuona mwezi ndi mwezi, ndipo ana ake ankandidziwa kuposa wanga. Mbale ija abwana anandilola kuti ndiziika. Ndinkaiika pa 78 monga anandiphunzitsira, koma ndinene zoona, masiku ena oipa ndinkabweza kachitsulo pa 45. Mayi uja ndinkamulemekeza. Bambo uja ndiye anali mnzanga, ngakhale ndinkadziwa kuti kulibe munthu wotero.

Ndinabwerera Esitere ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Ndinatsika basi pamsewu ndi masutikesi awiri, mnyamata wa njinga ananyamula imodzi. Inali nthawi yokolola, dzuwa lili pamutu. Ndinapeza achemwali akalamba, mano akutsogolo atachoka, alamu ali ndi imvi. Pakhonde panaima mtsikana wamtali, wa maso anga enieni. Ndinataya chikwama, ndinathamanga, ndikulankhula zonse za zaka zisanu ndi ziwiri nthawi imodzi, mwa makina osokera muja: Esitere mwana wanga, wakula bwanji, bwera kuno, ndakugulira diresi, ndakugulira nsapato.

Mwana anabwerera m'mbuyo n'kugwira chitenje cha achemwali.

"Amayi, awa ndi ndani?"

"Ndi amayi ako a ku Kenya aja. Apatse moni."

Anandiyang'ana kuyambira kumapazi. Anagwada bwinobwino, mwaulemu, n'kundipatsa dzanja ngati mlendo wa boma. Kenako anati, motsitsa, kwa achemwali, "Amayi anga salankhula choncho."

Titakhala pa mphasa ndinafunsa achemwali kuti nanga mabatire onse aja. Anayang'ana alamu, alamu anayang'ana nkhuku.

"Tinaika, mng'ono wanga," anatero achemwali. "Tsiku lomwe anafika tinaika atsopano. Mwana atamva analira mpaka kusanza. Amvekere mwawachotsa amayi anga, muli munthu wina umu. Masiku atatu osadya bwino. Ndiye alamu ako anabwezeramo akale, anatonthola. Kuyambira pamenepo atsopano timayamba tamvera nkhani ndi mpira, akafooka ndiye timamuikira kaseti yako."

"Osandiuza bwanji?"

"Tikanakuuza ukanatani uli kumeneko? Ukanangoonda."

Alamu, pofuna kundithandiza, anatulutsa wayilesi ija, yomangidwa ndi mphira, n'kuikamo kaseti. Ndinadzimva. Abale anga, chinthu chimenecho sindimufunira munthu. Nkhani ya galu wodya mapapaya, imene ndinaikamba ndikuseka, inkatuluka ngati uthenga wa maliro. Ndipo itafika nyimbo, anali bambo wa ku Madaraka uja ndendende, kungoti akuimba Chichewa. Esitere anabwera n'kukhala pafupi ndi wayilesi, dzanja lake pa nsalu ya sipika, atandifulatira. Milomo yake inkatsatira. Udzandidziwa ndi mawu.

Nsapato zinamuchepa. Diresi linamukwana koma analivala kamodzi, pondisangalatsa.

Sabata zitatu tinakhala ngati anthu okumana pa chigayo. Ndikamutuma ankapita, ndikamupatsa chinthu ankalandira ndi manja awiri, koma ndikayamba kulankhula nkhope yake inkatseka. Alamu anati timukhazike pansi, tiike mabatire atsopano, ine ndilankhule pambali, aone yekha kuti ndi munthu mmodzi. Tinayesa. Anamvetsera mpaka pakati, n'kunena kuti, "Ndamva, ndi inu," ndipo anapita kukatunga madzi mtsuko uli wodzaza kale. Mwana wa zaka zisanu ndi zinayi si chitsiru, mutu wake unavomera. Koma amene ankamutonthoza akadwala malungo, amene ankamuikira akakomoka ndi kulira, sanali ine wa 78. Ndinayamba kuganiza zobwerera ku Blantyre kukafuna ntchito ina, ndimusiye ndi mayi wake wa m'wayilesi, amene sanamuthawepo ali kuseri kwa nyumba.

Tsiku lina masana ndinali ndekha kuseri kwa nkhokwe ndikusenda mtedza. Sindinganame kuti ndinakonza nzeru. Ndinangotopa, ndipo ndinalakalaka mbale ija, koma inali itatsala ku Nairobi. Ndiye ndinadziimbira ndekha monga ndinkaimvera m'mawa muja ndisanadziwe za kachitsulo. Ndinatsitsa mawu mpaka pakhosi panayamba kuyabwa, ndinakoka liwu lililonse ngati ndikulitulutsa m'chitsime. Esitere mwana wanga, usayang'ane kunjira.

Ndinamva mapazi. Anazungulira nkhokwe akuyang'ana pansi, kufunafuna pomwe aika wayilesi. Anapeza ine ndi lichero pamiyendo.

Sanandikumbatire, musayembekeze zimenezo. Anaima patali pang'ono, chala chili m'kamwa ngati kamwana. Ndinaimba mpaka kumapeto. Kenako anati, "Yambaninso."

Ndinayambanso.

"Pomalizapo mwathamanga," anatero. "Amayi amafika mochedwa pamenepo."

"Chonchi?"

"Ayi. Tsikaninso."

Anakhala pansi, natenga mtedza m'lichero, n'kuyamba kusenda. Tinabwereza mwina kasanu ndi kawiri, iye akundikonza ngati aChisale, mpaka mawu anandithera. Ku Blantyre sindinapite.

Kuyambira tsiku limenelo ndinaphunzira kulankhula naye pang'onopang'ono, motsitsa. Poyamba ndinkachita dala, ngati kuvala nsapato za munthu wina. Zaka zitapita zinangokhala zanga. Anthu amene anandidziwa ndili mtsikana amati Kenya inandisintha mawu, ena mpaka lero amakhulupirira za mowa zija. Esitere anazolowera, tinagwirizana, pano ndi mayi wa ana anayi ndipo ndi amene amandisunga. Koma achemwali ndi amene ankawatchula kuti amayi, basi, popanda chowonjezera, mpaka tsiku lomwe tinawaika m'manda. Ine ndinali amayi a m'kaseti kufikira atakwatiwa. Ndipo mawu anga enieni aja, owonda, othamanga, amene ndinamuberekera nawo, mwana wanga sanawakondepo. Nthawi zina ndikakhala ndekha ndimawafunafuna, koma ali ngati kiyi ya mayi wa m'mbale uja, pakati pa apa ndi apo, ndipo amene anawamva akutha.

Ndiye aChisale, ndi chifukwa chake ndimafika mochedwa pa vesi yachiwiri. Mundiike kumbuyo ngati ndikusokoneza, koma kufulumira sindingathe, ndinalonjeza mwana wanga.

Inu amene mwawerenga kopeli, musalisunge m'sutikesi. Mupatseni wina, makamaka atsikana awa akupita kunja kukalera ana a eni, atasiya awo kwa achemwali. Ndikudziwa kuti pano kuli mafoni ndipo sakoka. Komabe muwauze kuti azifunsa kumudzi kuti mwana akumva chiyani, osati kungofunsa ngati katundu wafika. Akamaliza kuwerenga abweze, Esitere sanaliwerenge.